Masabata Atatu Amene Ndinali Wailesi ya a Fabiyano

Anzanga a mu kalabu ya sayansi, aphunzitsi andipempha kuti ndikuuzeni mmene ndinayambira bizinesi yanga yokonza mawailesi, kuti nanunso mulimbe mtima. Ndavomera, koma ndawauza kuti ndinena zonse, ndi zonunkha zomwe. Ndikuona ena mwa inu muli ndi sikuludalaiva m'thumba la yunifolomu. Ndikudziwanso kuti kwanu kuli tochi kapena wotchi imene munaitsegula, ndipo mpaka lero ikukana kutsekeka. Ndiye tcherani khutu, chifukwa njira imene mwaiyambayi ine ndinaiyenda mpaka kumapeto, ndipo ndinakagwera m'dzenje chamutu.

Ndine Elube, wa Fomu 3, kwathu ndi kuseri kwa Bembeke. Zimene ndikuuzenizi zili m'kope ili. Ndimalembamo tsiku ndi tsiku, ndiye ngakhale nditafuna kudzikometsa, kopeli lindiyalutsa.

Ndinayamba ndili Fomu 1. Kwathu kunali wailesi ya malemu bambo anga, imene inakhala chete zaka ziwiri pamwamba pa kabati. Tsiku limene tinaphunzira kuti magetsi amayenda mozungulira, ndipo kuti njira ikaduka penapake zonse zimaima, ndinafika kunyumba n'kuitsegula. Ndinapeza kawaya kamodzi kataduka pamene pamakhala mabatire. Ndinaika msomali pa mbaula mpaka unafiira, n'kusungunula nawo mtovu, n'kulumikiza. Nditaika mabatire a mu tochi, wailesi inakuwa nyimbo ya kwaya. Amayi, amene ankasenda nyemba pakhomo, anathawira kudimba.

Madzulo ake ndinalemba izi: "Lero ndaukitsa wakufa. Ndikadzakula ndidzapanga wailesi ya ku Dedza yosadya mabatire, ndipo fakitale yake idzakhala pa Bembeke. Amayi adzakhala alonda apachipata chifukwa amathamanga."

Mbiri inawanda. Anthu anayamba kubwera ndi mawailesi awo atawakulunga m'zitenje ngati makanda, ena atawamanga pa kaliyala. Ena ankalipira ndalama, ambiri mbatatesi ndi nyemba, ndipo wina anandipatsa nkhunda ziwiri zimene zinabwerera kwawo tsiku lomwelo. Ndinatulutsa tebulo pakhonde, n'kulemba thabwa ndi penti yotsala ya kutchalitchi: ELUBE INJINIYA. IKAKANA KULANKHULA BWERANI NAYO. Ndinayamba kuyenda ndi pensulo kukhutu. Ngakhale popita kumjigo pensulo inali kukhutu.

Vuto la ntchito iyi kumudzi ndi zipangizo. Kawaya umalumikiza, koma sipika ikapsa yapsa. Yatsopano ili ku boma, ndipo ine ndinali ndi sukulu masiku asanu, tchalitchi Lamulungu, ndi kunyada tsiku lililonse. Kunena kuti "izi sindingathe" kunali kundivuta kuposa masamu.

Tsiku lina kunabwera a Jekapu, eni golosale ya pamsewu. Sipika ya wailesi yawo inali itapsa, ndipo ankaifuna Loweruka lisanafike chifukwa cha mpira. Wailesi ikakhala chete anyamata sasonkhana pagolosale, ndipo zibwente sizigulidwa. Patebulo panga panali mawailesi ena anayi odikira. Ndinawayang'ana, nawonso anandiyang'ana. Mumtima ndinati, kubwereka si kuba. Ndinachotsa sipika mu imodzi n'kuika mwa a Jekapu.

A Jekapu anapita akunditama msewu wonse. Basi, ndinatsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki pa chitunda. Eriyo ya akatekisiti inapita mu wailesi ya aNaphiri ophika mowa. Chokwezera mawu cha aNaphiri chinapita kwa akatekisiti. Chivundikiro cha mabatire chinkayenda nyumba ndi nyumba ngati mbale ya ndiwo. Aliyense ankalandira wailesi yolankhula tsiku lomwelo. M'kope ndinalemba: "Ndatulukira njira yatsopano ya malonda. Sindigula kanthu, koma aliyense akusangalala. N'zodabwitsa kuti azungu sanaiganize."

Chimene sindinalembe n'chakuti m'njira imeneyi pamatsala wailesi imodzi imene imadyedwa ndi zinzake zonse. Wailesi imeneyo inali ya a Fabiyano.

A Fabiyano ndi bambo wachikulire wa m'mudzi mwathu, osaona, oluka madengu. Amakhala okha. Wailesi yawo inali yakale, yakuda, yamphamvu, ndipo inabwera ndi vuto laling'ono chabe: swichi inali italekerera. Ndinayamba ndi sipika yake, imene inapita kwa a Jekapu ija. Kenako chingwe choyendetsa muvi wa masiteshoni. Kenako masipuling'i a mabatire, kenako chilichonse chimene wina anasowa. Ndinene poyera, chifukwa ndi pamene pali tchimo langa: ndinasankha yawo chifukwa ndinkati saona.

Loweruka lililonse ankabwera ndi ndodo yawo.

"Injiniya, wodwala wanga wadzuka bwanji?"

"Akadali m'chipinda cha odwala kwambiri, agogo. Tikudikira mankhwala ochokera ku Lilongwe."

"Ndimunyamuleko pang'ono."

Wailesi inali itapepuka ngati chikwatu. Ndinati adikire ndiipukute fumbi, ndinathamangira kubafa, n'kutola mwala woyamba umene ndinauona, n'kuukulunga m'sanza, n'kuutsekera m'kati. A Fabiyano anailandira, anaiyeza m'manja, n'kuisisita pamsana.

"Yanenepatu," anatero. "Mukuidyetsa bwino kuchipatala kuno."

Ine ndinaseka nawo. Ndinaseka, anzanga!

Chimene sindinkadziwa n'chakuti sipika ya a Fabiyano inabooledwa ndi mphemvu kalekale, ndipo iwo anaimata okha ndi kapepala ka sopo. Munthu wa mawu aakulu akamalankhula, inkachita kanjenjemera kake, ngati njuchi ili m'botolo. Lachitatu lina anapita kukagula mchere kugolosale, nkhani zili mkati. Akuti anaima pakhomo ndodo ili m'mwamba.

"Jekapu, wailesi yako ikulankhula ndi pakhosi pa wailesi yanga."

Ndikuchokera kusukulu ndinapeza pakhomo pathu pali anthu ngati pagawidwa feteleza. A Fabiyano anali pampando, a Jekapu atakumbatira wailesi yawo, amayi ataima manja m'chiuno.

"Iwe, tsegula wailesi ya agogowa."

"Amayi, wailesi satsegula pamphepo, imalowa chinyezi."

"Ndati tsegula!"

Ndinamasula masikuluu pang'onopang'ono, ndikupemphera kuti mvula igwe. Chivundikiro chitachoka, mwala unagubuduka n'kugwera paphazi pa a Jekapu. Kenako amayi anawerama, n'kuutola, n'kuuzunguza.

"Mwala wanga wokwechera mapazi! Mwezi wathunthu ndikunamizira mbuzi za eni! Taonani ming'alu iyi, anthuni!" Ndipo anatukula chidendene kuonetsa mudzi wonse.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Amayi anazula thabwa langa lija n'kunena kuti likhala nkhuni za mawa, ndipo bizinesi yatha. Koma a Fabiyano anagogoda ndodo pansi.

"Mayi, musatseke chipatala wodwala wanga ali m'kati wopanda matumbo. Mukatseka, amubwezera ndani? Ine ndili ndi pempho limodzi. Mpaka wailesi yanga ibwere yamoyo, mwanayu ndiye wailesi yanga. Akaweruka kusukulu azikamvera kwa Jekapu, azibwera kudzandiulutsira."

Amayi anavomera ndisanatsegule pakamwa.

Ndiye tsiku lililonse ndikaweruka ndinkaima pawindo la golosale ndi pepala, ndikulemba zimene wailesi ikunena. Kenako ndinkapita pakhonde pa a Fabiyano, n'kukhala pa mtondo wogubuduza, iwo akuluka dengu. Akagogoda ndodo kamodzi, ndiye kuti ayatsa.

"Nazi nkhani, wowerenga ndine Elube."

"Kwezani mawu."

"NAZI NKHANI!"

"Mwaonjeza, mundithera mabatire."

Akagogoda kawiri ndiye kuti asintha siteshoni, ngakhale ndili pakati pa chiganizo. Ndikamanena za mitengo ya fodya, gogogo, ndiyambe nyimbo. Ndikayamba nyimbo, ankapendeka mutu.

"Wailesi iyi yanyowa. Bwererani ku fodya."

Tsiku lina ndinawauza zanyengo, kuti ku Dedza kukhala kozizira. Anati, "Zimenezo mafupa anga anaulutsa kale m'mawa." Lolemba ndinkayenera kufotokoza mpira wa Loweruka, ine wosadziwa ngakhale kuti osewera amakhala angati. Ndinkangoti, "Wautenga, wathamanga nawo, wagwa, wadzuka, wina wamulanda." Anafunsa kuti wamulanda ndani. Ndinati wa kabudula. Pofika sabata yachiwiri anthu oyandikana nawo ankabwera ndi mipando yawo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangobweza zipangizozo. A Jekapu anakana kupereka sipika ndisanawaikire ina. Zotsalazo zinali m'nyumba zina zinayi, za anthu amene ankaganiza kuti mlandu ndi wa sipika yokha. Kuti ndikazitenge ndinayenera kugogoda khomo lililonse n'kunena kuti inunso ndinakupusitsani. Ndinaona kuti kuimba pa mtondo n'kopepuka kusiyana ndi kuulula. Komanso, ndisaname, zinayamba kundikomera. Anthu ankaseka, ine n'kumaonjezera. M'kope ndinalemba: "Mwina Mulungu akufuna ndikhale muulutsi."

Panali pulogalamu imodzi imene a Fabiyano sankalola kuti ndiseweretse: mauthenga a maliro. Ikafika ankaika dengu pansi. Koma mauthengawo ndi ambiri, maina ndi midzi ndi mafumu, ndipo dzanja limatopa. Ndinazolowera kulemba asanu oyamba, otsalawo n'kuwasiya. Lachinayi la sabata yachitatu kunali masewero a mpira wa ntchembere mbaye kusukulu. Ndinaima pawindo la a Jekapu, ndinalemba atatu, n'kuthamanga. Madzulo ndinawawerengera atatuwo.

"Athera pomwepo?"

"Athera pomwepo, agogo."

"Tithokoze Mulungu. Lero anthu afa ochepa."

Lolemba ndinafika ndi pepala langa, nditakonza ndi nthabwala zomwe. Pakhonde panalibe mipando ya anthu. Panali njinga yafumbi yotsamira khoma, ndi bambo wina wachilendo atakhala pa mtondo wanga, chipewa chili pabondo. Ndinagwada n'kupereka moni, n'kukhala pambali.

Bamboyo anali wochokera ku Lobi. Anabwera kudzaona ngati a Fabiyano akudwala. Mlongo wawo, a Rozina, anamwalira Lachitatu. Kunalibe womutuma mtunda wonsewo, ndiye abale anapereka uthenga ku wailesi, ndipo unaulutsidwa Lachinayi. Anadikira Lachisanu mpaka dzuwa kupendeka, anthu akuyang'ana kumsewu. Kenako anaika maliro.

"Tinkati mwina wailesi yanu ilibe mabatire," anatero bamboyo.

Manja a a Fabiyano anali pa dengu, koma sankaluka. Ndinkadikira kuti anditchule, andiloze ndi ndodo, anene kuti wailesi yake ndi iyi yakhala apayi. Ndikanakonda akanatero.

"Mabatire alimo," anatero a Fabiyano. "Koma imadumpha."

Mlendo atapita kukamwa madzi kuseri, ndinasendera pafupi.

"Agogo, ndinalemba atatu okha. Ndinathamangira mpira."

"Ndadziwa."

"Masiku onsewa ndimalemba asanu okha."

"Ndinadziwanso. Dziko lonse la Malawi silingafe anthu asanu patsiku." Anapukusa mutu. "Nanenso ndinalakwa, ndinkasangalala ndi nyimbo zako zoipazo. Ine ndi Rozina tinatsala awiri m'mimba mwa mayi athu. Ndili mwana, ndi iye ankandigwira ndodo popita kumtsinje. Tinapangana kuti wotsala adzaponya dothi loyamba."

Sanagogode ndodo tsiku limenelo. Ndinakhala pomwepo mpaka anati, "Pita, mwanawe, kwazizira." M'kope la tsiku limenelo muli mzere umodzi wokha: "Swichi yawo inkafuna mphindi zisanu."

Tsopano mverani mmene ndinatulukira m'dzenjemo, chifukwa kulira kokha sikulumikiza waya.

Choyamba ndinauza amayi zonse, ndi za nyumba zinayi zija. Sanakuwe. Anagulitsa thumba la mbatatesi zimene ndinalandira pa ntchito, ndipo Loweruka tinakwera matola atatu, ine, amayi ndi a Fabiyano, mpaka ku Lobi. Kuchokera pamsewu kukafika kumanda ndodo ndinagwira ndine. A Fabiyano anagwada, anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza pamene mtumbira wayambira, anatapa dothi n'kuponya. Anati, "Ndachedwa, Rozina, koma ndafika."

Titabwerako ndinatenga pepala lalikulu n'kujambula mudzi wonse, nyumba iliyonse ndi chipangizo chimene chili m'menemo ndi kumene chinachokera. Mivi inapingasana ngati ukonde wa kangaude. Ndinaonetsa aphunzitsi athu a sayansi ali apawa. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndikanajambula chonchi pa mayeso ndikanakhoza. Ndi iwo anandiperekeza ku boma kukagula sipika yatsopano, ndipo anandionetsa chinthu chimene sindinachiganizepo: mawailesi akufa amagulitsidwa. Munthu amakupatsa mosangalala pa mtengo wa sopo. Ndinabwera ndi mitembo itatu m'thumba, yanga yanga, yoti ndizichotsamo zipangizo dzuwa likuswa mtengo.

Kenako kugogoda makomo. Ndinayamba ndi aNaphiri ophika mowa.

"Zikomo amayi, ndabwera kudzaulula. Eriyo ili pa wailesi yanuyi ndi ya akatekisiti."

"Ya akatekisiti? Hii! N'chifukwa chake ikungogwira nyimbo za kwaya! Anthu akumwa chikho chimodzi n'kuyamba kulapa. Wandithawitsira makasitomala, mwana woipa iwe! Chotsa msanga!"

Ndinayesa kufotokoza kuti eriyo ilibe chipembedzo, koma anali atatola kale chikuni. Akatekisiti atamva kuti chala chawo chakhala chikupotokola chokwezera mawu cha kumowa, anayang'ana chalacho ngati achidule. Anandipatsa Masalimo awiri oti ndiloweze, n'kundithandiza kugwira tochi pamene ndinkamasula. Nyumba ina anandithamangitsa, ndinabwereranso mawa lake. Ina anandipatsa chimanga chootcha, ndipo chimenecho chinandiwawa kuposa chikuni.

Zipangizo zonse zitabwerera kwawo, ndinaganiza zowachitira a Fabiyano zabwino: ndinaika sipika yatsopano ija mu wailesi yawo, kuti yakale yomatamata itsale kwa a Jekapu. Ndinakonza swichi madzi a tiyi asanawire. Ndinainyamula ndi manja awiri mpaka pakhonde pawo. Anayatsa. Mawu anatuluka oyera ngati madzi a pakasupe. Anamvetsera pang'ono, n'kuzimitsa.

"Uyu ndi mlendo. Wanga ali kuti?"

"Agogo, iyi ndi yatsopano, ya ku boma."

"Ndinakutuma yatsopano? Mwanawe, matenda ako ndi omwewo. Ukuganizabe kuti ukudziwa chimene chikundiyenera kuposa mwini wake."

Ndinabwerera kugolosale. A Jekapu anasintha mokondwa, ngakhale mpaka lero amadandaula kuti yatsopanoyo ilibe mabesi.

Kuyambira pamenepo ndili ndi malamulo anga, ndipo ndawalemba kuseri kwa thabwa lija, limene amayi anandibwezera litapsa ngodya imodzi. Patebulo pamakhala wailesi imodzi yokha yotsegula. Ndikachotsa chipangizo chakufa, ndimachikulunga m'pepala n'kumupatsa mwini wake, akataye yekha. Chimene sindingathe ndimanena tsiku lomwelo. Mawu akuti "sindingathe" amawawa pakhosi ulendo woyamba wokha, kenako amatuluka ngati moni. Za fakitale sindinasiye. Ndikuyesa wailesi yoyendera dainamo ya njinga, ndipo ikulankhula, kungoti womvera ayenera kupalasa osaima, nkhani zikafika pa maliro ali thukuta kamukamu. Ndidzaikonza.

Tsiku limene ndinabweretsa wailesi ndi sipika yake yeniyeni, a Fabiyano anaiika pamiyendo n'kuyatsa. Munthu wa mawu aakulu anali kuwerenga nkhani, ndipo kanjuchi kaja kanayamba kulira m'botolo. Sananene zikomo. Anangoitsamiritsa pachifuwa, n'kukweza pang'ono.

Nthawi yomweyo panadutsa mayi wina wa mudzi woyandikana nafe, wailesi ili kumutu, akupita nayo kwa wokonza wa ku Dedza boma. Anaima atamva phokoso.

"Agogo, yachira? Ndiye mwanayu tingamukhulupirire? Ndimupatse yangayi?"

Ndinaweramitsa mutu. Ndinadziwa kuti chimene anene a Fabiyano ndicho mudzi wonse udzanene, ndipo thabwa langa lidzakhala pakhonde kapena pamoto chifukwa cha mawu amenewo. Anatsitsa wailesi pang'ono.

"Mpatseni. Manja ali nawo, m'dera lino mulibe wina. Koma mupite ndi mphasa. Mukhale pomwepo, maso pa wailesi, mpaka amange sikuluu yomaliza."

Mayiyo anabweradi ndi mphasa. Amene anabwera pambuyo pake anabweranso ndi mphasa. Tsopano amayi anakhoma benchi pakhonde, ndipo Loweruka lililonse pamakhala anthu atatu kapena anayi, atapinda manja, akundiyang'anitsitsa ngati mphaka pa una wa mbewa. Ena amawerenga masikuluu mokweza. Poyamba zinkandichititsa manyazi. Lero ndimawauza kuti asendere pafupi aone bwino, ndipo aNaphiri aphunzira kusintha okha masipuling'i a mabatire, moti andilanda makasitomala awiri.

Ndiye inu a sikuludalaiva m'thumba, tochi ya eni ija mukaibweze lero, isanakwane sabata. Ngati simungathe kuitseka, bwerani nayo Loweruka. Pabenchi malo alipo.